Mkaka wa Mwana Paulendo



Msika wa fodya ukamapita kumapeto pa Chinkhoma ndi ku Kanengo, msewu wa M1 umadzaza ndi anthu apaulendo. Matenanti amene alandira malipiro awo amamanga katundu kubwerera kwawo ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Phalombe, ena amapita kukaona abale amene sadawaone chaka chonse, ndipo maliro ndi matenda, monga tidziwa, sizisankha nyengo. Pakati pa apaulendowa pamakhala makanda, ndipo ena mwa makandawo sayamwa bere koma amadalira mkaka wa m'chitini. Nkhani yathu sabata ino ikukhudza ana amenewa.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndidakwera basi pa Kasungu kupita ku Lilongwe, ndipo ndidakhala moyandikana ndi gogo wina amene adafungata khanda la miyezi iwiri. Mayi wa khandalo adamwalira patangopita masiku ochepa atabereka, tsono gogoyo adali kupita nalo kumudzi ku Thyolo. Titadutsa pa Madisi, dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, mwana adayamba kulira. Gogo adamasula mtolo wa bulangete natulutsa botolo la mkaka, ndipo m'katimo mudali mabotolo ena awiri.

"Agogo, mkakawu mwasungunula nthawi yanji?" ndidafunsa.

"Tambala woyamba, mwana wanga. Ndaufunditsa bwino kuti usazizire. Taukhudzani, ukadali wofunda."

Gogoyu adachita zonsezi chifukwa cha chikondi, ndipo ambiri a ife tikadachita chimodzimodzi. Koma kufunda kumene iye adakusamala ndi mtima wonse ndiko kudali koopsa kwa mdzukulu wake.

Ambiri timaganiza kuti ufa wa m'chitini, popeza udachokera kufakitale uli wotseka, mulibe tizilombo toyambitsa matenda. Sizili choncho. Ufawu ungakhale ndi tizilombo tochepa, monga Salmonella ndi kena kotchedwa Cronobacter, kamene kamadzetsa matenda oumitsa khosi ndi matenda a m'magazi, makamaka kwa ana osapitirira miyezi iwiri, obadwa masiku asadakwane ndi obadwa ochepa thupi. Ngakhale ku America, m'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2022, fakitale ina yaikulu ya mkakawu m'chigawo cha Michigan idatsekedwa kwa kanthawi chifukwa cha kachilombo kameneka. Ufa ukakhala wouma tizilomboti timangogona. Tikapeza madzi ofunda timadzuka ndi kuyamba kuswana, kamodzi kumagawika pawiri pa theka la ola lililonse, mwinanso msanga. Werengani nokha: kamodzi kokha, pakatha maola 5, kasanduka toposa 1,000. Mkakawo sununkha ndipo susintha maonekedwe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2007 mabungwe a WHO ndi FAO adatulutsa malangizo a kakonzedwe ka mkaka wa ufa wa makanda. Mfundo zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba, ufa uzisungunulidwa ndi madzi amene adawira ndipo akadali otentha osachepera madigiri 70, pakuti kutentha kotere ndiko kumapha tizilombo ta mu ufamo. Yachiwiri, mkaka wosungunula kale usapitirire maola 2 uli kunja kwa firiji. Maolawo akatha, utayidwe. Tsono ulendo wa pa Kasungu kukafika ku Lilongwe, wa makilomita pafupifupi 130, ukaphatikiza kudikira kuti basi idzaze, umapitirira maola awiriwo. Nanga wa ku Thyolo, umene umadya tsiku lathunthu?

Nzeru yake ndi iyi, amayi: paulendo musanyamule mkaka wosungunula kale. Nyamulani madzi otentha paokha, ufa paokha, ndipo ziwirizi zikumane pokhapokha mwana akamva njala.

Kukonzekera kumayamba kunyumba. Sambani m'manja ndi sopo, makamaka inu amene mwakhala mukusankha kapena kusoka fodya, pakuti phula la fodya ndi mankhwala a kumunda zimakanirira m'zala ndi m'zikhadabo. Tsukani makapu, supuni ndi botolo loyezera, muziwiritse mumphika wovundikira, madzi atazimiza zonse, kenaka muzisunge m'kontena yoyera yotseka. Ndi bwino kunyamula makapu okwanira nthawi zonse zimene mwana adzamwe panjira, chifukwa malo otsukira bwino sapezeka. Wiritsani madzi atsopano mpaka abwadamuke. Madzi a pamjigo, a pampopi, ngakhale a m'botolo ogula m'sitolo, onse ayenera kuwira. Tisaiwale kuti kolera amene adabuka m'dziko muno m'chaka cha 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo njira yake yaikulu idali madzi.

Madziwo athireni m'fulasiki yoyera, imene simuikamo tiyi. Yambani mwaitsukuluza ndi madzi otentha kuti ifunde m'kati, kenaka muidzaze mpaka pakhosi ndi kutseka zolimba, pakuti fulasiki yodzaza imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa yatheka. Fulasiki yabwino imasunga madzi ali otentha kwambiri kwa maola angapo, koma zina zimagonja msanga. Choncho iyeseni tsiku loti mawa ulendo: idzazeni m'mamawa, muione masana. Ufa muunyamule m'chitini chake chotseka bwino, kapena muyezeretu wa nthawi iliyonse m'timakontena touma. Usakhale padzuwa kapena pachinyontho. Onjezerani botolo la madzi ozizira, kambale kozama ndi kachidutswa ka sopo.

Mwana akafuna kumwa, dikirani galimoto iime. Madzi a madigiri 70 amawotcha, ndipo basi ikagwa m'dzenje inu muli pakati pothira, mwana angapse. Mpatseni mnzanu amugwire. Sambani m'manja, thirani madzi otentha poyamba mpaka pa mzere woyenera, kenaka ufa, pogwiritsa ntchito kasupuni kamene kadabwera m'chitinimo, kosasefukira ndiponso kosaperewera. Tsatani muyezo wolembedwa pachitini chanucho, pakuti zitini zimasiyana. Sakanizani bwino, muimike botolo kapena kapu m'kambale ka madzi ozizira, madziwo asafike pakamwa pake. Dontheserani pang'ono kuseri kwa dzanja lanu, pamene pali khungu lofewa. Mkaka ukhale wofunda chabe. Mwana akakhuta, wotsala tayani, chifukwa malovu ake alowamo kale.

Mukatsegula fulasiki n'kupeza kuti nthunzi yatha ndipo madzi angofunda, musawagwiritse ntchito. Pa Mponela, pa Lumbadzi, ndiponso pa Nkhamenya ndi pa Jenda kwa opita kumpoto, pali matiyirumu ndi malo odyera amene ketulo sichoka pamoto. Pemphani kuti akuwiritsireni madzi inu mukuona, mudzazenso fulasiki. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndi ochepa amene angakane kuthandiza khanda.

Ndi zimene tidachita ndi gogo uja basi itaima pa Mponela kudikira anthu. Kupeza madzi sikudavute. Chimene chidavuta ndicho kutaya mabotolo atatu aja.

"Mwana wanga, kodi mtengo wa chitini mukuudziwa?" adatero gogo, misozi ili m'maso.

Ndidaudziwa, ndipo sindidamuone ngati wouma mutu. Mkakawu ndi wokwera mtengo, ndipo kwa banja la tenanti chitini chimodzi ndi thukuta la masiku ambiri. Koma ndidamufotokozera kuti amene amasungunula kapu imodzi panthawi yake ndiye sataya mkaka wambiri, ndipo kuti mwana akayamba kutsegula m'mimba pakati pa ulendo, ndalama ndi mtima zimene zimatayika n'zoposa mabotolo atatu. Gogo adakhuthula mkakawo m'ngalande ndi manja ake, ndipo titafika ku Lilongwe tidalowa mumsika kukagula fulasiki asadakwere basi ya ku Limbe.

Pamenepa ndichenjezenso za chiyeso china chimene umphawi umabweretsa, ndicho kuchulutsa madzi kuti chitini chikhalitse. Mwana womwa mkaka wotere amaoneka ngati wakhuta koma amawonda pang'onopang'ono, ndipo sikelo imaulula. Mkaka wa ufa wothira mu tiyi ndi mkaka wotsekemera wa kondensi si chakudya cha khanda. Ngati chitini chikukulemerani, kambiranani ndi anamwino kapena alangizi a zaumoyo akudera kwanu.

Kwa inu a m'tauni amene muli ndi firiji, pali njira yachiwiri ya maulendo aafupi. Konzani mkaka ndi madzi otentha monga tanenera, muuziziritse msanga, muuike m'kati mwenimweni mwa firiji, osati pachitseko. Pamalo ozizira osapitirira madigiri 5 ungakhale mpaka maola 24. Ponyamuka, uikeni uli wozizira kale m'chikwama chosunga kuzizira pamodzi ndi ayezi, ndipo mwana aumwe maola 2 asadathe. Koma ngati magetsi adazima usiku, musaudalire.

Pofunditsa mkaka wozizirawu, imikani botolo m'chiwiya cha madzi ofunda kwa mphindi zosapitirira 15, mukuligwedeza mwa apo ndi apo. Musaufunditse kawiri. Musauike padzuwa, pawindo la galimoto, pamalo otentha a pamwamba pa injini ya minibasi, kapena pachifuwa panu m'kati mwa zovala, pakuti malo onsewa amapatsa tizilombo kufunda kumene timakonda. Ovuni ya microwave nayo siyenera, chifukwa imatenthetsa mbali zina koposa ndipo mwana angapse m'kamwa. Dziwaninso kuti mkaka wosafunda sudwalitsa mwana. Ngati aulandira, mpatseni.

Pakati pa kapu ndi botolo, paulendo kapu ndiyo yabwino. Kansonga ka mphira ka botolo kamasunga zotsalira za mkaka m'makona osafikika, pamene kapu imayera ndi sopo ndi madzi otentha. M'zipatala zathu ngakhale ana obadwa masiku asadakwane amamwetsedwa ndi kapu. Mkhazikeni mwana chotsamira pamkono panu, kapu ikhudze mlomo wam'munsi, iye azimwa yekha pang'onopang'ono, musamuthire m'kamwa.

Ngati mwana ayamba kutsegula m'mimba, kusanza, kutentha thupi, kukana kumwa, kufooka, kapena maso ndi liwombo zalowa m'kati, musadikire kuti mukafike kumudzi. Liwombo likalowa, ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala opaka pamutu sangawabwezeretse. Tsikani pa chipatala chimene chili pafupi, monga cha Kasungu, cha Madisi, cha Mponela kapena cha Nkhamenya. Kabuku ka kusikelo kakhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pamwamba pa basi.

Pomaliza, mawu kwa inu amene mukuyamwitsa. Musagule chitini chifukwa cha ulendo chabe. Bere silifuna fulasiki kapena nkhuni, ndipo mkaka wake susasa ngakhale mwayenda padzuwa tsiku lonse kapena mwasiyana ndi mwana kwa maola ambiri. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6 yoyamba, ndipo pitirizani pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri. Kuyambira m'chaka cha 2011 dziko lathu lidayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV, kotero kuti nawonso amalangizidwa kuyamwitsa akumwa mankhwala awo mokhulupirika. Mkaka wa m'chitini ndi wa mwana amene mayi wake adatisiya, kapena amene achipatala aona kuti palibe njira ina. Amene mukulera ana otere, agogo, azakhali ndi alamu, ntchito yanu ndi yaikulu, ndipo ife anzanu tiyenera kukuthandizani kusenza fulasiki ndi kugwira mwana pamene mukukonza chakudya chake.

Muyende bwino nonse apaulendo. Tidzachezanso sabata yamawa.