Chipewa cha Chilembwe ndi buluku la mayi: filimu ya mbiri ivale bwanji?

Pa 6 July 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka, chikhamu cha anthu chikumuchingamira. Wojambula filimu wofuna kuonetsa tsiku limenelo, ataimika kamera yake ku Chirimba, m'mbali mwa msewu wolowera m'tauni, angatuluke thukuta asanajambule kanthu. Kumbuyo kwa osewera ake kungaoneke zikwangwani za Airtel ndi TNM, njinga zamoto za kabaza, maminibasi, majumbo ouluka ndi mphepo, ndi anyamata ovala majezi a matimu a ku England. Zonsezi mu 1958 kunalibe.

Funso n'lakuti: filimu yofotokoza zakale iyenera kulondola mpaka pati pa zovala ndi malo?

Ofuna kulondola ali ndi mfundo yolimba, chifukwa m'Malawi chovala chakhala chili nkhani ya ulamuliro. Pa chithunzi cha 1914, m'busa John Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu, m'nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Samson Kambalu anatengera chithunzi chomwechi posula chiboliboli chake, Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Wojambula akamuvula Chilembwe chipewacho, kapena akamuveka nyanda poganiza kuti ndiko kuonetsa chikale, wachotsa mtima wa nkhani yonse.

N'chimodzimodzi ndi nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yosafika m'mawondo, ndipo linachotsedwa mu 1993. Mtsikana wovala jinzi pa depoti ya basi mu filimu ya 1985 ndi bodza loti agogo aliyense wa ku Chirimba aligwira nthawi yomweyo. Koma mdzukulu wawo wobadwa mu 2005 salizindikira, ndipo apa ndi pamene pagona mantha a mbali imeneyi: achinyamata ambiri amakumana ndi mbiri pa foni ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo kuposa m'buku. Akaona mbumba ikuvina popanda nsalu ya nkhope ya Kamuzu, sadziwa kuti nsaluyo inali chida cha ndale.

Mbali inayo nayo ili ndi zonena, ndipo choyamba ndi ndalama. Mafilimu ambiri a kuno amajambulidwa ndi za m'thumba la mwini. Ngakhale otchuka, monga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise a Shemu Joyah, kapena Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, amakamba za moyo wa masiku ano, momwe msewu ndi msika zili kale pamalo, zosalira kumangidwa. Kulamula kuti batani lililonse lifanane ndi la 1915 kungachititse kuti filimu ya mbiri isajambulidwe n'komwe.

Chachiwiri ndi umboni. Zithunzi zambiri za Nyasaland anajambula ndi amishonale ndi akuluakulu a boma la atsamunda. N'zopanda mitundu, ndipo anthu ankachita kuimikidwa ndi kukonzedwa. Wozitsatira mosafunsa akhoza kungobwereza diso la mtsamunda. Malo enanso adapita: tchalitchi cha Chilembwe ku Mbombwe chinaphulitsidwa ndi asilikali a boma mu 1915. Pamene umboni wathera, wokonza zovala ndi malo ayenera kugwiritsa nzeru zake, ndipo limeneli si tchimo.

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor, imene inatuluka pa Netflix mu 2019, imapatsa mbali zonse ziwiri poponda. Nkhani ya William Kamkwamba ndi njala ya 2001 mpaka 2002 anaijambula ku Kasungu komweko. Malo anakonza ndi Tulé Peake, zovala Bia Salgado, onse odziwika ndi filimu ya ku Brazil ya City of God. Malaya osuluka, mzere wa anthu ofuna chimanga, ndi makina amphepo a zidutswa za njinga pamwamba pa milongoti zinaoneka zakwathu. Komabe Amalawi ambiri anadandaula ndi Chichewa cha osewera ochokera kunja. Wina anganene kuti kulondola pa zooneka sikunakwanire. Winanso anganene kuti kudandaulako n'komwe kukuonetsa kuti woonera wa kuno amasamala, ndipo sanamizika.

Chitsanzo china ndi dziko la South Korea, limene linajambula mafilimu a mbiri lili pa umphawi. Nkhondo itatha mu 1953, filimu ya Chunhyang-jeon ya Lee Kyu-hwan inatuluka mu 1955, yotengedwa ku nthano ya nthawi ya ufumu wa Joseon, osewera atavala hanbok, zovala za makolo awo. Anthu anakhamukira kukaionera, ndipo inathandiza kudzutsa ntchito ya mafilimu. Mu 1961 Shin Sang-ok anajambulanso nthano yomweyo yamitundu. Nawonso sanalondole pa zonse: anthu wamba a ku Joseon ankavala kwambiri zoyera, pamene makanema ambiri amakonda mitundu yowala. Chimene chinawathandiza ndi kusunga. Mu 1974 ku Yongin kunatsegulidwa mudzi wa nyumba zakale, Korean Folk Village, kumene masewero ambiri a mbiri akhala akujambulidwa, osayambiranso kumanga.

Mbali ziwirizi zikaikidwa pa sikelo, zikuoneka kuti si zonse zolemera mofanana. Mtundu wa ulusi kapena wa mpando ungasiyidwe kwa mmisiri. Koma chovala chonena za lamulo, chipani, mpingo kapena kusiyana kwa bwana ndi wantchito sichoseweretsa, ndipo kuchilondola kumalira kufufuza kuposa ndalama.

Blantyre ili nazo kale zambiri. Mandala House ya 1882 ilipo, ndipo m'menemo muli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi zithunzi zakale. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomalizidwa mu 1891, chikadaima. Kuli nyumba yosungira zakale ku Chichiri, ndipo kunja kwa mzindawu, ku Zomba, kuli National Archives. Ku Chirimba kuli matelala a pakhonde otha kusoka chilundu kapena kabudula wa khaki atangoona chithunzi, akalipentala, osula zidebe, ndi kaunjika wopezekamo majekete a masitayilo akale. Chosowa ndi munthu wopatsidwa udindo wofufuza zovala pa filimu iliyonse, ndi chipinda chimodzi chosungira zimene zasokedwa kuti wojambula wotsatira adzabwereke.

Umboni wina sudikira. Mayi amene anali ndi zaka 20 pamene lamulo la 1973 linkakhazikitsidwa wapitirira zaka 70 tsopano. Akudziwa mmene ankamangira duku, nsalu za David Whitehead zimene ankagula, ndi zimene zinkachitikira wovala siketi yaifupi. Ojambula ndi ophunzira zamasewero a ku Zomba angayambe pomufunsa, kujambula mawu ake, ndi kutola zithunzi za zovala zimene akadasunga m'sutikesi.