Musawaseke amayi anga ndi makina awo

Tchuthi chapitachi nditafika kwathu ku Mponela kuchokera ku Zomba, ndinapeza nkhani ili mkamwamkamwa pakhomo pathu: amayi akufuna kugula makina olimbitsira thupi, aja amati elliptical. Amalume anaseka mpaka misozi. Ati munthu wobadwira ku Ntchisi, wokulira m'mapiri, angatayirenji ndalama pa chinthu choti uziyenda koma osafika kulikonse? Nanenso ndinaseka nawo. Lero ndikuti amayi sanalakwitse, ndipo ndifotokoza.

Amayi ndi mphunzitsi. Kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nawauza kuti achepetse mchere, achepetse thupi komanso aziyenda. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kunena n'kosavuta. Amayi amapita kuntchito pa kabaza, tsiku lonse amatha ali m'kalasi, madzulo akuchonga makope. Mapiri amene amalume akunenawo alipodi, koma phiri la Ntchisi kapena la Kongwe silili kuseri kwa nyumba yathu. Kuti ukafike n'kulipira galimoto, ndipo nthawi ya dzinja misewu ina ya fumbi imaterera koopsa. Chinanso, amayi mawondo awo amawawa. Aliyense amene anatsikapo phiri akudziwa kuti bondo limalira potsika, osati pokwera.

Pali chinthu chimodzi chimene abambo ambiri sachiona. Mnyamata akavala kabudula n'kumathamanga m'mbali mwa msewu wa M1, anthu amati ndi wampira. Mzimayi wa zaka makumi asanu akatero, mawa lake nkhani yafika kumsika ndi kutchalitchi komwe. Amayi anayesapo kuyenda m'mamawa kwa masiku angapo, koma mafunso anawachulukira: kodi kwagwanji, mukuthamangira kuti kusanache? Anangosiya. Komanso sindigwirizana ndi zoti akazi akumudzi amene amakwera zitunda atasenza nkhuni ndiye chitsanzo chathu. Imene ija ndi ntchito yakalavulagaga, ndipo agogo anga ku Ntchisi msana unawathera momwemo.

Ubwino wa elliptical ndi wakuti phazi silichoka pa chopondera. Limangozungulira, choncho bondo silimenyeka ngati mmene zimakhalira pothamanga, ndipo manja amagwira nawo ntchito. Koma apa ndi pamene ndinayamba kutsutsana ndi amayi, chifukwa iwo maso awo anali pa makina aakulu, owala ngati TV, amene anaona pa Facebook. Ndinawauza kuti, “Amayi, amenewo amafuna magetsi. Tsiku limene azima, mudzangowayanikapo zitenje.” Makina otsika mtengo ambiri amayenda ndi mphamvu ya miyendo yako basi. Mkati muli gudumu lolemera ndi maginito, ukapotokola kabatani maginito amayandikira gudumulo ndipo kupalasa kumalimba. Kowerengera mphindi kamangofuna mabatire. Kwa ife a ku Dowa, kutchipa kumeneku ndiye ubwino wake.

Komabe kutchipa kuli ndi malire. Chiyambireni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera, ndiye anthu ambiri timathamangira wogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe cholakwika, bola usagule pongoona chithunzi. Tinapita ku Lilongwe kukaona awiri. Oyamba ankaoneka atsopano, koma amayi atakwerapo anayamba kugwedera, ndipo sitepe yake inali yaifupi moti ankaoneka ngati akupondaponda dothi loumbira njerwa. Papepala lomata m'munsi panalembedwa kulemera kwa munthu amene makinawo angathe kunyamula, ndipo amayi anali pafupi kwambiri ndi malirewo. Wogulitsa ankati zimenezo n'zongolemba. Tinamutsanzika.

Achiwiri anali okalamba, penti itasupuka, koma chitsulo chake chinali chochindikala ndipo ankazungulira mosalala, popanda kulira. Ndinagwada n'kuyang'ana mmene anawotcherera, lamba wake ndi mabawuti. Ndinkadzifunsa funso limodzi: akawonongeka, kodi wokonza njinga kapena wowotcherera zitsulo pa Mponela angawathe? Makina odzaza ndi zamagetsi akafa afa, pomwe awa ndi achibale a njinga ya kapalasa. Ndinaumirira kuti amayi akhalepo mphindi khumi zathunthu tisanapereke ndalama, ngakhale mwini wake anayamba kuyang'ana wotchi.

Ndikuvomereza kuti amalume ali ndi mfundo pena. Ndalama imeneyi ikanagula feteleza, ndipo makina otere ambiri amathera pakona atafundidwa nsalu. Makina sapereka khama. Satenganso malo a mankhwala, ndipo amayi akumwabe awo monga anawauzira kuchipatala. Koma sitiroko ikagwira munthu amene amadyetsa banja, mtengo wake umaposa matumba angati a feteleza?

Makinawo tinabwera nawo pa lole ya mnansi wathu, ndipo ali m'chipinda chimene ndimagona ndikapita kutchuthi. Amayi amakwerapo m'mamawa wailesi ikulira, madzi osamba ali pamoto. Sabata yatha mchemwali wanga anandiimbira foni kuti amalume anabwera kudzacheza, anapempha kuti ayeseko, ndipo anatsikapo patangotha mphindi zitatu akupempha madzi akumwa.