Mwana wanu ndi foni: chizolowezi chimasanduka liti vuto?

Pa 10 Disembala 2025, dziko la Australia lidayamba kugwiritsa ntchito lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa TikTok, Facebook, Instagram, Snapchat ndi YouTube. Chilango sichigwera ana kapena makolo ayi, koma makampani, omwe atha kulipitsidwa mpaka madola 49.5 miliyoni a dzikolo akalekerera anawo.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi yakutali. Koma taganizirani mwana wanu amene amafunda bulangete ndi foni m'manja mpaka tambala kulira, m'mawa n'kumasinza m'kalasi.

N'chifukwa chiyani foni imavuta kuisiya?

Masamba amchezo amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa, choncho phindu lawo limakula mukakhalitsapo. N'chifukwa chake adawapanga osatha: kanema akatha, wina wayamba kale. Makina ake amaona zimene mumachedwapo n'kukubweretserani zofanana nazo.

Munthu akalandira uthenga kapena wina akakonda chithunzi chake, ubongo umatulutsa dopamine, yomwe imamulimbikitsa kubwereza zomwe wachitazo. Popeza sadziwa kuti chosangalatsa chibwera liti, amangoyang'anabe, ngati wajuga woyembekeza kupambana. Achinyamata ndiwo amakodwa msanga chifukwa mbali ya ubongo yothandiza kudziletsa imamaliza kukhwima munthu atapitirira zaka 20.

Kafukufuku akuti chiyani?

Mu 2024, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana pafupifupi 280,000 a zaka 11, 13 ndi 15 m'maiko ndi zigawo 44 za ku Ulaya, pakati pa Asia ndi Canada. Ana olephera kudziletsa pa masambawa adachuluka kuchoka pa 7 mwa 100 alionse mu 2018 kufika pa 11 mu 2022. Atsikana adali 13 mwa 100, anyamata 9.

Mu 2023, Vivek Murthy, yemwe adali dokotala wamkulu wa boma la America, adachenjeza kuti achinyamata okhala pa masambawa maola oposa atatu patsiku ali pachiopsezo chowirikiza kawiri cha nkhawa ndi kukhumudwa.

Komabe akatswiri akutsutsana pa chimene chimayamba: ana ena amathawira pafoni chifukwa ali kale ndi mavuto. Izi zikutanthauza kuti kulanda foni kokha sikuchiritsa. Ndipo otsutsa lamulo la Australia akuti ana anama zaka zawo kapena asamukira kumalo oopsa kwambiri a intaneti. Lamulo lingatchinge pachipata, koma silingalowe kuchipinda kwa mwana. Kumeneko ndi kwa inu.

Zizindikiro zoti muziyang'ane

Musamangowerenga maola. Onani ngati mwana akukwiya kwambiri bandulo ikatha, akunama za nthawi imene wakhala pafoni, akuba ndalama zogulira mayunitsi, wasiya mpira kapena kwaya, akubwerera m'mbuyo kusukulu, kapena akudzinyoza podziyerekeza ndi anthu a pazithunzi. Onaninso tulo: wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse.

Mungachitepo chiyani?

Gwirizanani kuti mafoni onse, ndi yanu yomwe, azigona pabalaza, ndipo asamafike pomwe mukudyera nsima. Zimitsani timabelu ta mauthenga osafunikira. M'malo mokalipa, funsani kuti: "Mwanangu, ukasiya foni umamva bwanji mumtima?" Mwana wochititsidwa manyazi amabisa, ngakhale pamene anzake akumuzunza pa intaneti kapena wachikulire akumupempha zithunzi zosayenera.

Inu odzipereka pa zaumoyo, pocheza ndi mabanja kapena m'makalabu a achinyamata, funsaninso za tulo ndi foni monga mumafunsira za udzudzu ndi madzi akumwa.

Mwana akayamba kudzipatula, kusadya, kudzivulaza kapena kunena zodzipha, musati ndi chibwana. Musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mutha kuimbanso nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Chithandizo cha matenda a maganizo chimapezeka m'zipatala za maboma, ku Zomba Mental Hospital komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe.

Madzulo ano, yambani ndi inu: ikani foni pansi, mucheze ndi mwana wanu.