Chumba ndi mkazi yekha kodi?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero mundikhululukire. Sindilemba za mayeso kapena za malipiro. Ndapsa mtima, ndipo ndikapanda kulankhula ndidwala nazo.

Loweruka lapitali ndinakumana pa depoti ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula. Anali mmodzi mwa ana akuthwa m'kalasi, ndipo pa ukwati wake ndinavina nawo, pa perekaniperekani ndinaponya kangachepe kanga. Ndinamupeza atakhalira chikwama chachikulu, pambali pake pali ndowa yodzaza ndi mapoto. Nditamufunsa za ulendo anati, "Aphunzitsi, andibweza kwathu. Zaka zitatu zakwana, mphatso palibe." Kuchipatala anapita katatu. Anamwa zitsamba za asing'anga awiri, anagona kuphiri kusala kudya. Ndinafunsa kuti nanga amuna anuwo anakayezetsa? Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Iwo amati alibe vuto."

Yankho limenelo ndimalidziwa bwino, chifukwa inenso ndinaliyankha kwa zaka 6.

Inde, mwawerenga bwino. Ine amene ndimajambula chiberekero pa bolodi, amene ndimakulalatirani mukaiwala njira imene dzira limadutsa, ndinalola kuti akazi anga asenze okha mlandu umene sunali wawo. Azilongo anga ankawafunsa kuti, "Alamu, kodi nsima ya achimwene mukungodyera ulere?" Ku zinkhoswe ndi kumaliro anzawo ankaitanidwa kuti amake uje, iwo ankangotchulidwa dzina lawo ngati kamtsikana. Ankapita okha kuchipatala, ine n'kumati ndili ndi mapepala ochonga. Anawayeza magazi, anawaunika m'mimba, anawajambula machubu, zonse zili bwinobwino. Tsiku lina dokotala anawauza kuti asabwerenso okha. Ndinapita monyinyirika, ngati mwana amene waitanidwa ku ofesi ya ahedi. Patapita masiku ochepa pepala linatuluka: mbewu zanga ndi zochepa kwambiri, ndipo zambiri mwa zochepazo siziyenda. Anandiuza kuti ndibwerenso pakatha miyezi itatu, poti mbewu ya mwamuna imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, ndipo ngakhale kutentha thupi kwa malungo kumatha kuichepetsa kwa kanthawi. Ndinabwerera. Zotsatira zinali zomwezo.

Pobwerera kunyumba akazi anga sananditonze ngakhale pang'ono. Anangondifunsa funso limodzi: "Mukawauza ndinu achemwali anu, kapena ndikawauze ndine?" Funso limenelo limandiwawabe mpaka lero.

Tsono tiyeni tikambe zimene timaphunzitsa koma sitizikhulupirira. Achipatala amati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati latha miyezi 12 likukhalira limodzi mosadziteteza koma pathupi osaoneka. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vutoli pa moyo wake, ndipo kusiyana kwake pakati pa mayiko olemera ndi osauka n'kochepa. Werengani anthu amene mumamwa nawo tiyi mu sitafu rumu, muone kuti nkhaniyi ili pafupi bwanji. Madokotala amanenanso kuti pa mabanja amene akuvutika chonchi, pafupifupi theka vuto limakhala kwa mwamuna yekha kapena kwa onse awiri. Theka, abale anga. Nanga bwanji pa depoti timangoonapo akazi okhaokha atanyamula mapoto?

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena pamene mukuwerenga, chifukwa ndinkazinena ndine.

Woyamba akuti, "Ine kuchipinda ndimagwira ntchito bwinobwino." Achimwene, mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu atha kukhala ndi chilakolako ndi mphamvu zonse koma umuna wake mulibe mbewu ngakhale imodzi. Ndi maso simungaone, pamafunika makina oonera tinthu ting'onoting'ono a mu labotale. Mawu athu achipongwe aja, oti gojo kapena kuti anagwa m'papaya, anatisokoneza mitu posakaniza zinthu ziwirizi. Mwamuna amaopa kuti akapezeka ndi vuto anzake kubawo aziti si mwamuna, ndiye amasankha kuti mkazi wake azitchedwa chumba.

Wachiwiri akuti, "Koma ine ndili ndi mwana kunjaku, ndinapereka mimba ndili fomu 3." Chabwino. Thupi la zaka 17 si thupi la zaka 35. Pakati apa mwadutsa chinzonono chimene munachiza ndi makapisozi ogula pa golosale, mwadutsa mowa ndi fodya, mwina mitsempha ya kumachende inatupa inu osadziwa. Kubereka kale si satifiketi ya moyo wonse. Za mwana wakunjayo ngati alidi wanu, sindilowererako.

Wachitatu akuti, "Izi ndi za azungu, makolo athu sankazidziwa." Bodza. Nanga fisi ankalowa m'nyumba usiku kudzatani? Akuluakulu akale ankadziwa bwino lomwe kuti mwamuna atha kukhala wosabereka. Kungoti vuto likakhala la mwamuna ankalibisa mumdima kuti asachite manyazi, likakhala la mkazi ankaliimbira nyimbo pamtondo. Mwambo wa fisi sindikuufuna, makamaka masiku ano a kachilombo ka HIV. Ndikungonena kuti tisanamizire makolo umbuli umene analibe.

Ngakhale pamene vuto lapezekadi mwa mkazi, tisafulumire kusamba m'manja. Kuno ku Africa akazi ambiri amene akulephera kutenga pathupi amakhala kuti machubu awo anatsekeka, ndipo chimene chimatseka kawirikawiri ndi matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe msanga, matenda olowa pambuyo pobereka, kapena kuchotsa mimba mobisa. Matenda ena mwa awa amakhala mwa mkazi mwakachetechete, osamva kupweteka kulikonse, kwinaku akuwononga. Anawabweretsa m'nyumba ndani? Nanga mtsikana wa fomu 2 amene anakachotsa mimba kuseri poopa kuchotsedwa sukulu, anadzipatsa yekha mimbayo? Inu amene mukuphunzitsa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kumbukiraninso kuti likodzo silithera m'chikhodzodzo mokha, limatha kuwononga ziwalo zoberekera. Mankhwala a likodzo akabwera pasukulu musamawaone ngati chinthu chongokudyerani nthawi ya phunziro.

Tsopano za IVF, poti ena mumangoimva pa wailesi n'kumati ndi mwana wa m'botolo. Palibe mwana amene amakulira m'botolo. Mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku angapo kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Madokotala amatenga mazirawo, amawaphatikiza ndi mbewu ya bambo mu labotale, ndipo pakatha masiku atatu kapena asanu amabwezera kamluza m'chiberekero cha mayi. Kuyambira pamenepo mimba yake ndi yofanana ndi ina iliyonse. Mwana woyamba kubadwa mwa njirayi, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England, ndipo anakula n'kubereka ana ake popanda thandizo lotere. Robert Edwards, amene anagwira ntchitoyi limodzi ndi Patrick Steptoe, analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Mu 1992 madokotala a ku Brussels anawonjezera njira ina yotchedwa ICSI, yobayira mbewu imodzi yokha mkati mwa dzira. Imeneyi inapangidwira amuna onga ine.

Koma ndisakunamizeni. Ife titafunsa mtengo wake ku Johannesburg, kuphatikiza ulendo, malo ogona ndi mankhwala, ndinawerengetsa n'kupeza kuti ngakhale nditasiya kudya, malipiro anga a zaka zingapo sakanakwana. Komanso si kuti ukalipira ndiye kuti wagula mwana. Ngakhale kwa mayi wosakwana zaka 35, kuyesa kamodzi kumalephera kawirikawiri kuposa mmene kumathekera, ndipo mwayi umatsika zaka zikamapita. Apa m'pamene pali tchimo langa lalikulu. Zaka 6 zimene ndinkabisala kuseri kwa mapepala ochonga zinali zaka za akazi anga, zaka zimene mazira awo anali pachimake. Zimenezo sindingawabwezere.

Ndiye chimene ndikumenyera nkhondo si IVF. Ambiri a ife sitidzaikwanitsa, ndipo mabanja ambiri safunika kufika kumeneko. Ena amangofunika kuchizidwa matenda, ena mankhwala othandiza kuti dzira lizituluka, ena opaleshoni yaing'ono, ena kungodziwa masiku. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo osapitirira tsiku limodzi, mbewu ya mwamuna imatha kudikira mpaka masiku 5, ndipo dziralo limatuluka patatsala masiku pafupifupi 14 kuti mayi asambe. Mphunzitsi amene anatumizidwa kutali ndi banja lake, n'kumabwera kunyumba pakutha pa mwezi pokha, angathe kuphonya masiku amenewa chaka chathunthu, abale ake ali kalikiliki kufunafuna mfiti imene inamanga mkazi wake. Koma zonsezi zimadziwika pokhapokha onse awiri akayezedwa. Kuyeza mwamuna n'kosavuta ndiponso kotchipa poyerekeza ndi zimene mkazi amadutsamo: kudziletsa masiku awiri kapena kuposerapo, kupereka umuna m'kabotolo, basi. Palibe singano, palibe mpeni. Ndalama zimene mabanja amataya kwa asing'anga ndi kwa ogulitsa madzi odzozedwa zimaposa pamenepa kutalitali.

Pempho langa nali. Anyamata anga amene munakwatira, chaka chikatha popanda kanthu pitani limodzi kuchipatala, ndipo ngati akazi anu apitirira zaka 35 musadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Muyambe ndinu kulowa. Atsikana anga, musalole kumwa mtsuko wina wa zitsamba amuna anu asanayezedwe. Inu amene mumakhala ankhoswe, nkhani yotere ikakupezani funso loyamba likhale lakuti, pepala la bambo lili kuti? Aphunzitsi anzanga a Biology ndi Life Skills, tikafika pa mutu wa kubereka tisamathamange ngati tikuwoloka msewu. Tiziwauza anyamata momveka kuti nawonso zitha kuwachitikira. Ndipo nthabwala zija za mu sitafu rumu, zofunsa mnzathu kuti "madamu, tidya liti phwando la mwana?", zithe. Simudziwa chimene munthuyo walira m'mawa asanabwere kuntchito.

Ife kwathu mwana wobereka tokha tilibe. Tikulera ana awiri a malemu mng'ono wanga, ndipo amatitcha adadi ndi amami. Azilongo anga ndinawauza ndekha, pamaso pa akazi anga, ndipo ndinapepesa. Sizinali zophweka, koma sindinafe nazo.

Mtsikana wa pa depoti uja ndinamulipirira basi. Mwamuna wakenso anadutsa m'kalasi mwanga, ndipo ndikudziwa kuti amawerenga zimene ndimalemba. Mwana wanga, nambala yanga uli nayo. Ukafuna wokuperekeza ku labotale, ine njira ndikuidziwa.