Tizamoyo togona m'matope a damu

Mwezi uno tikambirane za tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'madzi.

M'nyanja ndi m'madamu muli tizamoyo totchedwa dinoflagellate, tosambira ndi timichira tiwiri. Nyengo ikaipa, tina timadzitsekera m'kachigoba, n'kumira m'matope, n'kugona ngati mbewu yodikira mvula. Tizigoba tina sitiwola, moti tapezeka m'miyala ya zaka zoposa 200 miliyoni. Christian Ehrenberg wa ku Germany anationa m'miyala m'zaka za m'ma 1830.

Monga momwe mlimi amasiyanitsira mapira ndi mawere, akatswiri amasiyanitsa tizigobati pa maikulosikopu. Amaona maumbidwe ake, minga yake, ndiponso malo a kabowo kamene kamoyoko kanatulukira podzuka. Mitundu imene aipeza imawauza ngati madzi akalewo anali ofunda, amchere kapena odzala ndi manyowa.

Kodi izi zikutikhudza bwanji ife a ku Mbare, Mufakose ndi Budiriro? Madzi a m'mipopi yathu amachokera makamaka ku Chivero, damu lomangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imakokololera kumeneko zonyansa za m'masuweji ndi feteleza wa m'madimba, ndipo tizamoyo ta m'madzi timaswana kwambiri tikapeza chakudya chotere.

Apa m'pamene kudziwa dzina kumathandiza. Dinoflagellate wanyanga wotchedwa Ceratium hirundinella, amene anadzaza damu la Hartbeespoort ku South Africa mu 1999, amanunkhitsa madzi ndi kutseka masefa. Koma ndere zobiriwira zoyandama pa Chivero ndi za gulu lina, cyanobacteria, ndipo zina zimatulutsa poizoni. Mu December 2024 bungwe la ZimParks linalengeza kuti zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'damuli. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo ta kolera, koma sikuchotsa poizoni ameneyu.

Choncho alangizi, chenjezani anthu kuti asatunge madzi obiriwira, asamwetsepo ziweto, ndipo asatole nsomba zofa zokha. Alimi, siyani mamita 30 pakati pa dimba ndi mtsinje monga lamulo linenera. Paipi ya suweji ikaphulika, kaneneni ku khonsolo msanga. Akulu anati madzi saiwala khwawa: chimene tataya mu Mukuvisi lero chidzatipeza pa mpopi mawa.