Gemu yokoma siyidalira chithunzi chodula

M'misika ya m'malire, kuyambira ku Ulóngwè mpaka ku Calómuè ndi ku Zóbuè, si zachilendonso kuona anyamata ataunjikana pa khonde la sitolo, mitu yonse itaweramira telefoni imodzi. Amakhala akusewera magemu. Ndipo mbatata ya kachewere ndi soya zikangogulitsidwa, makolo ambiri amamva pempho limodzimodzi, lakuti telefoni yakale yatha mphamvu, gemu yatsopano ikukana kulowa, pakufunika ina. Kholo lisanamasule mfundo ya pa mpango, ndi bwino lidziwe kumene vutoli likuchokera.

Likuchokera kutali, ku makampani akuluakulu a ku America, Ulaya ndi Japan amene amapanga magemuwa. Kwa zaka zambiri makampaniwa akhala akupikisana pa chinthu chimodzi, kukongola kwa chithunzi. Tsitsi la munthu lioneke lililonse palokha, madzi anyezimire, udzu ugwedezeke ndi mphepo. Zonsezi zimafuna anthu ojambula ambirimbiri, ndipo aliyense amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Mapepala amene anaperekedwa ku khoti ku America mu 2023 anaulula kuti gemu ya kampani ya Sony yotchedwa The Last of Us Part II inadya madola 220 miliyoni, ndipo anthu pafupifupi 200 anaigwirira ntchito kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Ina, Horizon Forbidden West, inadya madola 212 miliyoni.

Ndalama zotere mwini wake amafuna zibwerere. Mu 2020 mtengo wa gemu yatsopano unayamba kukwera kuchoka pa madola 60 kufika pa 70, omwe ndi pafupifupi mameticais 4,500, ndipo mu 2025 Nintendo inagulitsa Mario Kart World pa madola 80. Choipa china n'chakuti kampani imene yathira chuma chonchi imaopa kuyesa zachilendo. Imangobwereza zimene zinagulidwa kale, n'kuzipaka utoto watsopano. Ikaphonya, kugwa kwake kumamveka patali. Gemu ya Concord inatuluka pa 23 Ogasiti 2024, patangotha masabata awiri Sony inaichotsa pa msika n'kubweza ndalama za ogula, ndipo mu Okutobala gulu limene linaipanga linatsekedwa. Chaka chomwecho Microsoft inachotsa antchito 1,900 a gawo la magemu, Sony inachotsa 900.

Tsono taonani magemu amene akhalitsa. Tetris anaipanga Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, ndipo mulibe china koma timabokosi tomagwa kuchokera kumwamba. Lero ikuseweredwabe. Akuluakulu amene anagwirapo telefoni ya Nokia yamabatani akukumbukira kanjoka kaja kamene kamatalika kakamadya, kamene kankagonetsa anthu mochedwa. Minecraft, imene Markus Persson wa ku Sweden anaiyamba mu 2009, zonse m'menemo zimaoneka ngati njerwa zosapaka pulasitala, koma pofika 2023 inali itagulidwa koposa ka 300 miliyoni. Palinso Stardew Valley ya mu 2016, imene munthu mmodzi, Eric Barone, anaipanga yekha kwa zaka zoposa zinayi. Nkhani yake ndi kulima, kuthirira ndi kuweta nkhuku, ndipo anthu mamiliyoni a m'mizinda analipira ndalama kuti agwire khasu la pa kompyuta, zimene mlimi wa ku Tsangano angaseke nazo.

Wa kumudzi sangadabwe nazo izi. Nsolo umangofuna maenje okumba pansi ndi timiyala, koma madoda amakhalira mpaka dzuwa kulowa, chifukwa uli ndi malamulo ofuna kuwerengera, kutchera msampha ndi kudziwa mtima wa mnzako.

Chithunzi chokongola si mlandu ayi. The Last of Us Part II inagulidwa kwambiri, ndipo ambiri anaikonda. Chokanidwa pano ndi maganizo akuti gemu yolemera ndiyo yabwino, chifukwa maganizo amenewa afika kale pa telefoni za kuno. Gemu yolemera imadzaza telefoni, imamaliza mamega poitsitsa, ndipo imatha batire msanga m'madera amene kutchaja kumalipiridwa pa kabenchi ka sola. Opanga Free Fire, imene inatuluka mu 2017, anazindikira zimenezi. Anachepetsa kukongola kuti izitheka pa telefoni zotsika mtengo, ndipo inafalikira m'mayiko ambiri osauka.

Koma apanso pali mbuna. Magemu ambiri otchedwa aulere amapeza phindu pogulitsa zovala ndi zida za m'kati mwa gemu momwemo, zinthu zongooneka ndi maso, zolipiridwa ndi ndalama zenizeni. Mwana akapempha telefoni yatsopano, kholo limufunse kuti gemuyo imaseweredwa bwanji, imadya mamega angati, ndiponso ngati imapempha ndalama m'kati. Likhale naye pansi n'kuona ndi maso ake. Ndipo nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola isaperekedwe kwa mwana pamodzi ndi telefoniyo.