Abusa, musatayitse anthu mankhwala

Pali chiphunzitso chimene chafala m'misonkhano ya machiritso ndi m'mapemphero ochezera usiku, ndipo dzina lake lenileni ndi kupha. Munthu wakhala akumwa mankhwala otalikitsa moyo kwa zaka, thupi labwereramo, akulima, ana akuwalipirira sukulu. Ndiye wina amusanjika manja n'kumuuza kuti wachira, botolo akaliponye m'chimbudzi, ati kupitiriza kumwa n'kukayikira Mulungu.

Chimene chimandiwawa ndi momwe umboni wake umapezekera. Munthu akamamwa ma ARV mwandondomeko, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake osakapezanso. Adokotala amamuuza kuti zili bwino, apitirize. Iye amanyamula pepala la zotsatirazo Lamulungu, n'kukaliimika m'mwamba pamaso pa mpingo, nthungululu n'kumalira, ulemu wonse n'kupita kwa mneneri. Chonsecho kachilombo sikanathe, kangobisala. Akasiya kumwa, pamasabata ochepa kamayambanso kuswana, ndipo kumwa modukizadukiza kumakapatsa mpata wozolowera mankhwala, moti ena pobwerera kuchipatala amapeza kuti oyamba aja sakuwagwiranso. A BP ndi a shuga nawonso akutaya mapilitsi chimodzimodzi, mawa lake timve kuti afa ziwalo mbali imodzi. Pa siwa pamagona abale ndi amayi a mvano. Mneneri uja sabwera, amangotumiza mawu akuti malemu anali ochepa chikhulupiriro.

Ndine Mkhristu, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu amachiritsa. Koma Baibulo lomwe ndimawerenga silidana ndi mankhwala. Mfumu Hezekiya atadwala analira kwa Mulungu, Mulungu anamva, komabe Yesaya analamula kuti pachithupsa chake aikepo nkhuyu. Luka, amene analemba Uthenga Wabwino ndi Machitidwe, anali dokotala, ndipo Paulo ankamukonda osamuuza kuti asiye ntchitoyo. Amene anabweretsa nzeru yodziika dala pangozi kuti Mulungu aonetse mphamvu ndi Satana, pamwamba pa Kachisi paja, ndipo Yesu anakana poti uko n'kuyesa Mulungu.

Nanga amene anatibweretsera Uthengawu ankatani? Robert Laws wa ku Livingstonia anali mbusa komanso dokotala. Daniel Malekebu, amene anatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu mu 1926, anaphunzira udokotala ku America, ndipo ankalalikira uku akuchiza. Nkhoma, Malamulo, Likuni, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa, zipatala zonsezi zinamangidwa ndi anthu opemphera. Kodi onsewa tinene kuti anali opanda Mzimu, Mzimuwo wangofika dzana ndi mafuta a m'timabotolo ogulitsa pakhomo la tchalitchi?

Amene tili ndi zaka tikukumbukira mmene zinalili ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Adzukulu sankapuma, okhoma mabokosi ankachezera, agogo anatsala ndi ana amasiye odzaza nyumba. Tinasala kudya, tinagwada kupempha kuti imfa zichepe. Mankhwala atafika, ambirife tinati Mulungu wayankha. Lero munthu wina atiuze kuti yankho limenelo tilitaye?

Ena amati boma lisalowerere za mipingo, pakuti malamulo a dziko amapereka ufulu wopembedza. Ufuluwo ndimaufuna nanenso. Koma sulola munthu kulamula wodwala kuti asiye chomwe chikumusunga, makamaka mwana amene sangathe kudzisankhira yekha. Masinodi, madayosizi ndi mabungwe a mipingo alankhule poyera, atchule mchitidwewu paguwa, ndipo mbusa wopezeka akuchita izi amuchotse paudindo. Apolisi nawonso asamaope kolala. Ndipo ife akulu ampingo tikapita kukazonda wodwala, tikatha kuimba ndi kupemphera tizifunsa kabuku ka kuchipatala, tione tsiku lokatenga mankhwala, ngati thiransipoti yavuta timusonkhere.